Chaka Chimene Chewe Sanachite Maluwa

Botolo lija linali laling'ono, la galasi lochindikala, chitsekerero chake cha golide wonama amene ankasupuka ukamukanda ndi chikhadabo. Amayi anabwera nalo kuchokera ku Dubai muli mafuta onunkhira, ndipo mafutawo atatha anandipatsa ine kuti ndizisewera nalo. Ndinalitsuka ndi phulusa, ndinalitsuka ndi mchenga wa kumtsinje, koma fungo linakana. Ukalitsegula n'kuika mphuno pakamwa pake, unkamva khosi la amayi, pamene ndinkabisa nkhope akandinyamula. Nthawi imeneyo n'kuti nditangoyamba sukulu, mano akutsogolo atachoka, ndipo m'nyumba yonse ya amalume chinthu chimene chinali changachanga chinali botolo lokhalo. M'menemo ndi mmene ndinkaika maluwa chaka chimene ndikufuna kukambachi.

Chandikumbutsa ndi chithunzi. Kuno ku Dubai, ku Jumeirah Village Circle, m'nyumba imene ndimalera ana a eni, pakhoma la pamasitepe pali chithunzi cha duwa la pinki wopita ku pepo, looneka ngati kabelu, litamera pakati pa udzu wouma, kumbuyo kwake kuli mapiri. Tsiku langa loyamba ndinaima pamenepo nsalu yopukutira ili m'manja, mpaka madamu anandifunsa ngati ndikudwala. Iwo ndi a ku Amereka. Anati duwalo ndi la kwawo, dzina lake ndi penisitemoni, ndipo amalizindikira ndi kalilime kaubweya kamene kamakhala m'kamwa mwake. Ine ndinati kwathu timamutcha chewe. Anaseka mwaulemu, n'kunena kuti sizingatheke, ku Africa silimera. Ananena zoona. Ndinadzayang'anitsitsa pambuyo pake, masamba ake ndi ena. Koma mawuwo anandilasa, chifukwa sikanali koyamba kuti munthu wamkulu andiuze kuti chimene ndikuonacho si chewe.

Kwathu ndi ku Ntcheu, m'munsi mwa mapiri, kumene mvula ikangosiya udzu umatuwa ndipo mphepo imakulowa m'makutu. Ndinakulira kwa amalume, mlongo wawo wa amayi, chifukwa amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba kuno. Bambo anga sindiwawerengera. Anapita ku Joni ine ndili m'mimba, ndipo mpaka lero akadali m'njira. Amalume anali munthu wosalankhulalankhula, koma tchire lonse ankalidziwa mtengo ndi mtengo. Mbuzi ikatupa mimba, anthu ankabwera kwa iwo kudzafunsa khungwa loyenera. Sindinamvepo munthu akunena kuti amalume alakwitsa dzina la chomera.

Chewe anandiphunzitsa ndi amayi, chaka cha m'mbuyo mwa chimene ndikukambachi, atabwera ku tchuthi. Mlendo ndi mame, ndipo amayi anga anali mlendo m'mudzi mwawo momwe: masabata ochepa, chikwama osachimasula chonse. Tsiku lina anavula nsapato zawo za ku Dubai, anamanga chitenje, n'kunditengera kuphiri. Anaima pa chomera chofika m'chiuno mwawo, maluwa ake atazolika ngati akuchita manyazi. Anati ndigubuduze tsinde pakati pa zala. Silinagubuduzike, linali ndi ngodya zinayi ngati kathabwa. Anatsegula duwa n'kundionetsa mizere yakuda yolowera kummero kwake, njuchi n'kutulukamo ikudandaula. Kenako anathyola tsamba, kulitikita ndi malovu pachikhatho panga, ndipo linayamba kunanda. Kafungo kake sikabwino, kamakhala ku zala mpaka madzulo.

"Zikakwana zimenezi, usafunsenso munthu," anatero. "Ameneyo ndi chewe."

Tsiku lomwelo ananditsuka naye tsitsi kumtsinje. Anafinya masamba m'beseni mpaka madzi analemera, n'kundithira kumutu. Chipeso chinadutsa popanda wolira, zimene zinali zachilendo pa mutu wangawu. Manja awo anali okhakhala, atadyeka ndi mankhwala otsukira m'bafa, koma tsiku limenelo ankaterera. Anati ku Dubai kuli sopo wa tsitsi wodzaza sitolo yathunthu, koma palibe wofika apa. Lero ndikukhala pakati pa sopo ameneyo, ndipo ndikuvomereza kuti sananame.

Atabwerera ankaimba foni Lachisanu lililonse, tsiku limene mabwana awo ankawapatsa mpata. Amalume ankandikweza pachulu cha kuseri kwa khola, pamene pankagwira netiweki, n'kundiika foni kukhutu. Funso langa linali limodzi. Amayi ankayesa kundiwerengera miyezi, koma miyezi n'chiyani kwa mwana wa msinkhu umenewo? Tsiku lina, mvula ili pakati, chimanga chikumasula ngayaye, anatopa nane.

"Mvetsera. Kontirakiti yanga ikutha. Chewe akadzachita maluwa kuphiri, khalas, basi, ine ndafika, ndipo sindidzabwereranso kuno. Inshallah. Yalla, apatse amalume ako foni."

Amalume anadandaula kuti mlongo wawo, mwana wa mpingo, wayamba kulankhula ngati Mwarabu. Koma ankanena akumwetulira.

Patapita masabata angapo foni inasiya kulira. Amalume anati mabwana a amayi apita nawo kudziko lina kumene kulibe netiweki. Sindinade nkhawa, ndinali ndi chewe wanga.

Ndinayamba kulondera phiri. Popita kusukulu ndi pobwera sindinkadzera njira ya anzanga, ndinkazungulira kumtunda kumene kunali zomera zija, kukaona timatumba tobiriwira timene tinali tisanatseguke. Duwa loyamba ndinalipeza m'mawa wina mame asanaume. Ndinagubuduza tsinde, ndinasuzumira kummero, ndinatikita tsamba. Zonse zinakwana. Amayi anati ndisafunse munthu, koma nkhani yabwino siikhalitsa m'kamwa mwa mwana, choncho ndinathamangira kwa aphunzitsi, mayi wina wamtali amene ankatiphunzitsira pansi pa mkuyu. Anangoliona kamodzi. "Chewe ameneyu. Wayamba kale?" Ndinawauza kuti ndiye kuti amayi akubwera. Choko chinaima m'mwamba. Kenako ananena kuti ndikakhale pansi.

Sindinakhale pansi. Ndinathawa sukulu, ndinakasesa bwalo lonse mpaka kuseri kwa nkhokwe, ndinasamba popanda wondikakamiza, ndinaika duwa m'botolo muja, n'kukakhala nalo pamsewu pamene pamaima maminibasi. Amalume anandipeza pomwepo dzuwa litapendeka. Anatenga botolo, anasolola duwa, n'kulitembenuza uku ndi uku ngati sanaonepo chinthu choterocho chibadwire.

"Uyu si chewe," anatero. "Ndi msuweni wake. Amafanana, koma chewe weniweni mtundu wake ngwakuda kuposa apa. Tiye kunyumba."

M'mawa mwake aphunzitsi anandiitanira pambali n'kundiuza kuti dzulo analakwitsa, maso awo ayamba kuvuta.

Ndinene pano zimene mudzi wonse unkadziwa kupatula ine. Amayi anali atamwalira. Anadwala masiku ochepa, anawatengera kuchipatala, ndipo sanatulukemo. Thupi lawo linali mufiriji, mumzinda uno, kudikira mapepala, ndipo amene wakhalako kuno akudziwa kuti mapepala a munthu wakufa amayenda pang'onopang'ono kuposa a wamoyo. Kwathu maliro salira thupi lisanafike. Ukalira anthu asonkhana, ndipo anthu sangagone pa siwa miyezi. Akulu amauzana monong'ona, amameza misozi, n'kumapita kumunda monga mwa masiku onse. Mwana ndiye sauzidwa n'komwe. Amati imfa ya make mwana samuuza ndi pakamwa, amamuonetsa nkhope, kuti maso ake amuuze okha. Amalume ankadikira nkhopeyo. Ankaganiza kuti ndi nkhani ya sabata limodzi, ndipo bodza la sabata limodzi analiona lopepuka.

Ine ndinabwerera kuphiri kukafuna wakuda. Ndinamupeza. Amalume anati mizere ya kummero yachepa. Ndinapeza wa mizere yambiri. Anati weniweni samera m'munsi muno, amamera kumtunda pafupi ndi matanthwe, poganiza kuti miyendo yanga siingakafike. Ndinakafika. Ndinabwerako chidendene chitang'ambika, udzu utanditema miyendo, maluwa ali m'manja. Tsiku limenelo ndinachita zonse pamaso pawo, monga anandiphunzitsira amayi. Ndinatikita tsamba n'kutambasula zala, ulusi wa thelele ukulendewera pakati. Amalume anayang'ana kukhola.

"Zonanda n'zambiri, mwanawe. Ngakhale mamina amananda."

Akazi awo, amene ankapeta chimanga pakhonde, anasiya lichero n'kulowa m'nyumba. Amalume anatenga phazi langa n'kuliika pabondo pawo. Analitsuka ndi madzi a mchere, anafinyirapo tsamba lina limene analitchula dzina lake bwinobwino, n'kumanga ndi kansanza. Anamanga nthawi yaitali, akumasula ndi kumanganso, mutu uli pansi.

Ndikaganiza lero, zizindikiro zinali mbwee. Amalume ankavala jekete ya kutchalitchi pakati pa sabata n'kukwera basi ya ku Lilongwe, n'kubwerako milomo itauma. Wailesi inasiya kulira m'nyumba. Azimayi a m'mudzi ankandipatsa moni wa munthu wamkulu, ena kundiika nthochi m'manja popanda chifukwa. Ndinaswa mtsuko, osamenyedwa. Mwana amene mudzi wonse wasiya kumukalipira ayenera kuchita mantha, koma ine ndinkangoti ndayamba kukondedwa. Mnzanga wina titakangana pa masewera a phada anandilalatira kuti amayi ako ali mufiriji. Sindinakwiye. Amayi anali atandiuzapo kuti ku Dubai kumatentha moti nyumba zonse amaziziziritsa, choncho ndinamuyankha monyada kuti inde, ndipo ako ali padzuwa. Aphunzitsi anamukoka khutu mnzangayo, ine osadziwa mlandu wake.

Ndipo chaka chimenecho, ngakhale ndiwo zinkavuta, panyumba pathu sipanaphikidwe thelele la chewe ngakhale kamodzi. Anansi akaphika lawo ankadyera m'nyumba. Anthu a mudzi wathunthu, madikoni ndi akulu a mpingo omwe, anagwirizana kuti phiri lija, limene linali pepo kuyambira kumsewu mpaka kumatanthwe, silinachite maluwa.

Chimene amalume sanachiganizire n'chakuti ine lonjezo lija ndinalimva mwanjira yanga. Ndinkaona amayi atakhala pa chikwama chawo ku Dubai, nsapato atavala, akudikira kuti ine ndipeze duwalo kuti anyamuke. Ngati sakubwera, ndiye kuti wolephera ndine. Ndinasiya kudya bwino. M'kalasi ndinkajambula tibelu m'dothi m'malo mwa zilembo. Ndipo nyengo inkapita. Mwera unayamba kuwomba, milomo kusweka, maluwa kuyoyoka, m'malo mwake kutsala timatumba ta njere touma, tolira ukatigwedeza. Osaka mbewa anayamba kukamba zotentha tchire. Ndinafunsa amalume kuti chewe akapanda kuchita maluwa chaka chino, amayi adikira chaka chamawa? Anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinawada tsiku limenelo, ndipo chidanicho ndinakula nacho zaka zambiri.

Sindikudziwa ngati ndinawakhululukira kapena ndinangofika pamene iwo anaima. Nanenso ndili ndi mwana kumudzi, ndipo akumulera ndi amalume omwewo, imvi zili mbuu. Akandifunsa pa foni kuti ndibwera liti, ndimati ndibwera. Sindimutchulira mango, sindimutchulira ngumbi, sindimutchulira chilichonse chimene angathe kukachiona ndi maso ake. Maluwa a kuno ndiye sungalonjeze nawo munthu. Amamwa madzi a m'timapaipi takuda, ndipo akafota anyamata a kampani amawazula n'kudzala ena otseguka kale. Lamlungu ndikapuma ndimakwera basi ndi Metro kupita ku Marina kukacheza ndi anzanga okonza m'mahotela, ndipo sitima ikamadutsa nyumba zazitali zagalasi ndimadzifunsa kuti firiji ija inali m'nyumba iti. Mnzanga wina wa ku Chipata amati, "Iwe habibi, leka kuganiza maningi, uzadwala." Dzina la chipatalacho sindinafunsepo. Ndimaopa kupeza kuti ndimadutsapo ndi ana a madamu.

Bokosi linafika m'nyengo yozizira, masana, pa galimoto yoyera imene inalowa m'mudzi pang'onopang'ono nyali zikuyaka. Kulira kumene mudzi unasunga nthawi yonse ija kunaphulika kamodzi. Akazi a amalume anadzigwetsa pabwalo. Ine anandinyamula, kundilowetsa m'nyumba ya siwa, kundikhazika pafupi ndi bokosi. Koma linali bokosi la pandege. M'kati mwa matabwa munali lina lachitsulo, lowotcherera mbali zonse, ndipo amene anabwera nalo ananena kuti lisatsegulidwe. Mwambo woona nkhope sunachitike. Nkhope imene amalume anaidikira nyengo yonse kuti iwalankhulire inabwera yotsekeredwa.

Ndiye anayesa kundiuza ndi pakamwa. Mayi wina wa kumpingo anandigwira mapewa n'kunena kuti amayi ako atisiya, ali m'menemu. Ndinanunkhiza bokosilo. Linkanunkha penti ndi fumbi la mumsewu. Sindinawatsutse, mwana satsutsa akulu, koma mumtima ndinkadziwa kuti asokoneza. Amayi ananena okha nthawi imene adzafike, ndipo nthawiyo inali isanakwane. Amalume anali atanena kuti onse aja si chewe, aphunzitsi anali atavomereza. Sindinalire. Ndinamva wina akunong'ona kuti mwanayu ngolimba mtima ngati make.

M'mawa wa tsiku loika maliro amalume anasowa. Adzukulu anawafuna kuti akaone manda, akulu a mpingo anawafuna, mwini mbumba osaoneka. Anatulukira mwambo utayamba kale, chisoso chitamatirira jekete yonse, mawondo a thalauza ali matope. Anali atatsikira kukhwawa la kuseri kwa phiri, kumene chinyezi chimachedwa kuuma, ndipo m'dzanja anali ndi timaluwa tochepa totsalira, tina titayamba kufota.

Kumanda, atakwirira n'kuunda mtumbira, anayamba kuitana oika nkhata. Atati mwana wa malemu, wina anandipatsa nkhata ya maluwa ofiira a kumpanda wa tchalitchi. Amalume anaichotsa m'manja mwanga. Anagwada padothi, maso awo kulingana ndi anga, n'kundifumbatitsa maluwa awo aja. Zala zanga zinagubuduza tsinde zokha, mwa chizolowezi.

"Ameneyunso ndi msuweni wake?" ndinafunsa.

"Ayi, mwanawe." Anapukusa mutu. "Ndi chewe. Onse aja unkabwera nawo anali chewe. Sunalakwitsepo ngakhale mmodzi."

Anaphimba nkhope ndi manja onse awiri, mapewa akugwedezeka, munthu amene ndinali ndisanamuonepo akulira. Koma ine mtima unadumpha. Sindinalakwitse! Chewe wachita maluwa! Ndinaseka, pamanda pa amayi anga ndinaseka, ndipo maluwawo ndinawakumbatira pachifuwa, chifukwa sindikanawataya pa mulu wa dothi eniake asanawaone. Ndinawakoka amalume mkono wa jekete.

"Ndiye dzukani, tikawauze amayi azinyamuka!"

Nyimbo inadukira pakati. Aphunzitsi anatembenuka n'kubisa nkhope m'chitenje. Azimayi amene anali atatopa kale ndi kulira anayambiranso, mokweza kuposa pamene bokosi linkafika. Ine ndinaima pakati pawo ndikuyang'ana uyu ndi uyu, kudabwa kuti anthu akuluakulu angalire bwanji chonchi pa tsiku limene nkhani yabwino yafika.